Mkamwini Amene Sanamalize Nsanamira

Mwezi wathawu kunabwera uthenga wochokera ku Kitwe wakuti Yohane, mwana wotsiriza wa aSimiyoni Mbewe, watisiya. Anamuika komweko. Ife kuno kwa Mlolo tinangosonkhana pakhomo pa abale ake kuti tilire nawo. Ndili khale pamphasa ndinamva mwamuna wina, amene ndinamuona akukwawa ndi maso angawa, akuuza anzake kuti bambo wa malemuyo anali uja wosema mipini. Anzakewo anavomera. Wina anawonjezera kuti ankasemanso mitondo. Ine ndinangokoka chitenje n'kudziphimba pakamwa.

Anthu akasowa chonena pamaliro amangotola chilichonse chimene chili pafupi. Ndiye ndati ndilembe ndekha, chifukwa ndikauza munthu pakamwa, pofika mawa adzakhala atathirapo mchere wake.

ASimiyoni anali atate anga aang'ono. Anakwatira aElina, ang'ono awo a amayi anga, ndipo pamudzi pano anakhala ngati mkamwini, kwawo kuli cha ku Pembamoyo. Mpini ankasema, inde, akafuna kukalima okha. Koma ntchito yawo inali ukalipentala, umene anaphunzira ku Halale ali mnyamata, kwa mzungu wina wopanga mipando ndi makabati. Anabwerako ndi bokosi la zitsulo, apuloni ya khaki, ndi khalidwe limene linawadanitsa ndi anthu ambiri. Akafika pakhomo pa munthu n'kupatsidwa mpando, ankayamba autembenuza n'kuyang'ana kunsi kwake, kenako n'kukhalapo. Mwini mpando ndiye ankatsala akudzifunsa kuti kodi aona chiyani.

Ndikawaganiza ndimawaona monga analili m'zaka zawo zomaliza, m'ma 1960, atawerama pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, mutu uli mbuu, maso atatsinzina, chala chachikulu chikuyenda pamtengo. Ankati maso ndi abodza, amaona zimene mwini wake akufuna, koma chala sichidziwa kunyengerera munthu. Pamenepa ndimagwirizana nawo mpaka lero. Ankatinso mtengo uli ngati munthu wobwera, usautame usanaugonetse dzinja ndi chilimwe. Amayi akamva zimenezi ankafunsa kuti nanga alamuwo, madzinja onse aja agona pano, bwanji sanawongoke.

Chilamu cha awiriwa chinali cha mikangano. Amayi ankati zosemasema za alamu zikudzaza pabwalo ngati pagona nguluwe, koma madzulo ankatuma ife kukatola zomwezo kuti akolezere moto. Nkhondo yaikulu inali ya tchizulo. Mwa zitsulo zonse za m'bokosi lija, imene atate aang'ono ankaikonda inali tchizulo ya kukamwa kopindika ngati chikhadabo, imene anasulitsa kuchokera ku sipuling'i ya lole. Tsiku lina amayi anaipeza pakhonde, naona kuti ikukwanira bwino kukolowolera njere za dzungu. Mwini wake atafika anaipeza itamata matumbo a dzungu. Sanakalipe. Anaipukuta ndi apuloni, ndipo sanalankhule ndi amayi mpaka chimanga chinalowa m'nkhokwe. Uthenga unkadzera mwa aElina.

"Uwauze amuna akowo kuti dzungu lija linali lokoma," amayi ankatero, alamuwo ali pomwepo.

"Muwauze akulu anuwo kuti ndamva."

AElina ankangoseka, akusenda mtedza, osapereka uthenga kwa aliyense.

Tsono za nsanamira. Kuchiyambi kwa ma 1950 chiswe chinamaliza kanyumba kathu kopemphereramo, ndipo mpingo unagwirizana zoumba njerwa. Wotsogolera ntchitoyo anali atsibweni anga, aZakeyo, mlongo wawo wa amayi ndi aElina. Anali mkulu wa mpingo, analinso mwini mbumba yathu. Sanali munthu wankhanza. Anali woseka, wolima fodya, wodziwa dzina la mwana aliyense pamudzi. Koma ine munthu woseka kwambiri ndimamuyang'ana m'manja. Atsibweni ankatha kukufunsa za chifuwa chako maso ali pa dimba lako, ndipo dimba limene ankaliyang'ana kawirikawiri linali la aElina, la kumtsinje, limene atate aang'ono analitchinga bwino n'kubzalamo nzimbe ndi nthochi.

Atsibweni anapempha mizati inayi yochirikiza khonde la kutsogolo. Mizati basi, yowongoka, yoti chiswe chisaikonde. Atate aang'ono anakwera kuphiri ndi amuna ena, nagwetsa milombwa, naigoneka pamthunzi. Itauma anaisema ndi nsompho, naipala ndi puleni mpaka inakhala yobulungira, yonenepa kumunsi, yowonda pang'ono kumtunda. Aliyense anati ntchito yatha. Iwo anati ayi, iyi ndi mizati, chimene tchalitchi chikufuna ndi nsanamira.

Ine ndinali nditangokwatiwa kumene, ndipo njira ya kuchitsime inkadzera pamango paja. Ndinkayenda pang'onopang'ono. Mtengo ankaugoneka pa mphanda ziwiri, atakhomera msomali pakatikati pa mutu uliwonse kuti uzitembenuka. Ankatenga luzi, n'kulizunguliza kumunsi kwa mtengo, n'kudula pamene nsonga zakumana. Luzilo ankalipinda pakati, n'kulipindanso, n'kulipindanso, mpaka litakhala kanthu kakang'ono m'manja. Akalitambasula, popindika paliponse ankaikapo kadontho ka khala, nabwezera luzi pamtengo n'kukopera timadontho tija. Kumtunda kowonda kuja ankachitanso chimodzimodzi ndi luzi lalifupi. Kenako chingwe chopaka makala ankachikoka kuchokera kadontho ka kumunsi kufika ka kumtunda, n'kuchinyamula pakati ndi zala ziwiri, n'kuchitaya. Thyapu. Mzere wakuda uli njoo.

Pakati pa mizere iwiri ndi pamene tchizulo ya dzungu ija inkadya. Ankakumba kangalande kotalika kuchokera kumunsi kufika kumtunda, osafika kumapeto kwenikweni, n'kukamaliza mozungulira ngati padinda chala cha mwana. Pakati pa ngalande ndi inzake ankasiya kamsana kopyapyala ngati bango long'amba. Mlombwa uli ndi malo amene mitsempha yake imatembenuka, ndipo pamenepo ankaima, n'kudzera mbali ina, poti ukaukakamiza umabenthuka, kamsana kaja n'kupita. Ngalande ikatha ankaikwecha ndi masamba okhakhala okulunga pa kamtengo, n'kutembenuza nsanamira pang'ono, n'kuyamba ina. Pomaliza ankapaka phula la njuchi. Dzuwa la m'mawa likagwerapo, nsanamira inkaoneka ngati yavala nsalu yopindapinda.

Anthu ankaima n'kufunsa kuti ngalandezi n'zachiyani. Yankho lawo linali limodzi, lakuti mudzaona. Akanakhala munthu wofotokoza, nkhani inoyi sikanakhalapo.

Woyamba kukwiya anali atsibweni. Anafika akuseka monga mwa masiku onse, nazungulira mphanda zija, kenako kuseka kunatha.

"AMbewe, kodi nyumba ya Mulungu mukuitema mphini?"

"Si mphini izi."

"Nanga n'chiyani? Amayi athu anatema zotere pamimba, abusa anatiletsa. Lero mukutema pakhomo pa tchalitchi."

"Kachisi wa Solomo anali ndi nsanamira zosema, aZakeyo. Inu ndinu mkulu wa mpingo, mukawerenge."

Atsibweni anakawerengadi, kapena anauza wina awawerengere, sindikudziwa. Anabwerera mawa lake akusekanso, nati pitirizani, koma muchite changu.

Nsanamira yachiwiri ili pa mphanda, aElina anadwala. Anayamba ndi kutsokomola nthawi yokolola, pofika nthawi yotentha tchire anali atatha thupi. Anawatengera kuchipatala cha mishoni pa machila, nabwera nawo, ndipo anamwalirira m'nyumba mwawo. Anasiya ana awiri, Rute ndi Yohane, onse asanafike poti n'kudzisamalira.

Ana a lero muyenera kuuzidwa. Kwathu kuno mwamuna ankakwatira n'kukakhala kwa mkazi. Munda ngwa mkazi, ana nga mbumba ya mkazi. Mkazi akamwalira, maliro akatha n'kumeta, eni mbumba ankamuitana mkamwini uja, n'kumuthokoza, n'kumupatsa nkhwangwa ndi khasu lake, n'kumuuza kuti njira ya kwanu ndi iyo. Kumeneko ndiye kusudzula. Ana ankatsala. Ena ankati mkamwini ndi tambala wobwereka, akatha ntchito amabwerera kukhola kwawo. Amuna ambiri ankapita mokondwa, n'kukakwatira kwina mwezi usanathe.

Tsiku losudzula tinakhala pakhonde pa atsibweni, thobwa lili pakati. Atsibweni analankhula bwino, sindinganame. Anati aMbewe mwatisungira mlongo wathu, mwamudwazika, mwamuika. Anati sitikukuthamangitsani, koma abale anu akukusowani, ndipo mwamuna sangagone yekha m'nyumba ya womwalira mpaka kale. Anati za ana musade nkhawa, za dimba musade nkhawa. Pa mawu a dimbawo ndinayang'ana amayi. Amayi ankayang'ana zala zawo za kumapazi.

Ndiyeno atate aang'ono anati, "Nsanamira sindinamalize."

Apa atsibweni anakodwa. Mwini mbumba ankafuna mkamwini apite, koma mkulu wa mpingo ankafuna khonde liime, ndipo onse awiri anali atavala jekete limodzi. Panalibe wina m'dera lonse woti n'kupitiriza ngalande zija, ndipo kuimika ziwiri zosema ndi ziwiri zosasema kukanakhala kudzichititsa manyazi pamaso pa midzi ina.

"Chabwino," anatero. "Mumalize. Mukamaliza tidzakambanso."

Kuyambira tsiku limenelo tchizulo ija inayamba kudwala. Nsanamira yoyamba inali itatha m'nyengo imodzi yokha. Yachiwiri inadya dzinja lonse. Lero akuti mtengo wanyowa ndi chinyezi, mawa akuti tchizulo yabuntha ndipo mwala wonolera wabwerekedwa, mkuja akuti phula latha ndipo njuchi za chaka chino n'zaulesi. Yachitatu anaiyamba, naipeza ndi mng'alu umene palibe wina anauona, nakweranso kuphiri kukagwetsa mtengo wina, umene unayenera kugona dzinja ndi chilimwe. Ine ndinkadutsa ndi mtsuko n'kuona. Ankakumba ngalande theka, n'kuika tchizulo pansi, n'kupita kukaona ngati ana adya kwa amayi. Masana ena ankangokhala pa mphanda atayang'ana kumsitu kumene tinaika aElina. Mudzi wonse unkadziwa. Atsibweni akadutsa ankafuula kuti, "AMbewe, kodi Yesu adzabwera adzapeza khonde?" Iwo ankayankha kuti adzapeza lowongoka.

Amayi nawo sanaleke. Ankawatumizira chakudya limodzi ndi ana, koma mbale iliyonse inkapita ndi mawu. Ankati alamu akusema ndi nthenga ya nkhuku. Ankati akanakhala mkazi, ufa wake bwenzi anthu atafa kale ndi njala. Aliyense womva akanati amayi ndiwo akufunitsitsa kuti munthuyo achoke.

Koma ntchito, ngakhale uikoke bwanji, imatha. Atsibweni anatopa, napita okha kumishoni kukapangana ndi abusa tsiku lodzatsegula tchalitchi, nabwera n'kulengeza Lamulungu pamaso pa onse. Panalibenso pothawira. Nsanamira yachinayi inatha, amuna anaziimika zonse, denga la khonde linakhalapo. Atate aang'ono anapaka phula komaliza, nasonkhanitsa zitsulo, namanga bokosi ndi luzi. Anauza amayi kuti Lolemba, abusa akapita, adzanyamuka. Anawasonyeza kumene kunali mabulangete a ana. Amayi anati, "Mwayesa ine sindinalerepo?"

Loweruka amuna anapita kukalambula msewu wodzera abusa, ndipo atate aang'ono anapita nawo. Amayi a mpingo anatsala kuti azire tchalitchi. Ine ndinali ndi pakati pa mwana wanga woyamba, mwezi uli pafupi, ndiye sanandilole kuwerama. Anandikhazika pamthunzi kuti ndiziyang'ana makanda. Kuyang'ana ndiye ntchito imene ndimaidziwa.

Anazira m'kati, nazira pakhonde. Mtsiro wakuda unatsala wambiri m'madengu. Mayi wina, aNaphiri, anaweramuka atagwira msana, nayang'ana nsanamira zija.

"Nanga izi tizisiye chonchi, nthiti zili pamtunda? Mavu adzamangamo sabata isanathe."

"Ndi mphemvu zomwe," anatero wina.

Onse anayang'ana amayi anga, poti mwini ntchito anali mlamu wawo. Amayi anapukuta manja pa chitenje, osafulumira.

"Inu mukamata khoma losalala, dothi limagwira?"

"Siligwira."

"Simuyamba mwalikanda?"

"Timalikanda."

"Nanga mwayesa alamu akumbiranji zaka zonsezi?"

Amayi aja anayang'anana, ndipo nkhope zinamasuka ngati anthu amene amva yankho la mwambi. Zoonadi. Mudzaona uja ndi ameneyu. Munthu anakanda mitengo kuti mtsiro ugwire, ndipo pokhala mwamuna sakananena kuti akazi dzandithandizeni. Anayamba kumata. Ankakanikiza dothi ndi zala m'ngalande iliyonse kuti musatsale mpata, aatali akufikira pamwamba, ena atakwera pa mitondo yovundikira. Atatha anakulungiza ndi miyala yosalala. ANaphiri anatuma mwana kukatenga dothi lofiira ndi loyera, najambula mizere kumunsi monga timachitira m'makoma a nyumba. Ankaimba nyimbo za Mulungu, ndipo ntchito inali yaudongo, iyi ndiye ndivomere. Dzuwa likupendeka panaima zipilala zinayi zakuda, zosalala ngati miphika yatsopano.

Enawo analakwa ndi mtima woyera. Za amayi ndikudziwa zina. M'nyumba mwa aElina munali bedi limene amuna awo anawapangira chaka cha ukwati, ndipo miyendo yake inali ndi tingalande tomweto. Amayi anakhala pambali pa bedi limenelo miyezi yonse ya matenda. Ndinawaonapo akupukuta tingalandeto ndi kansalu, kamodzikamodzi, mng'ono wawo ali m'tulo. Sanalizirepo bedi limenelo.

Pobwerera kunyumba ndinati, "Amayi, kodi ngalande zija..."

"Iwe samala mimbayo," anatero.

M'mawa mwake tinafika anthu atadzaza kale, a midzi ina omwe. Atate aang'ono anatulukira atavala jekete lawo la Lamulungu, atagwira ana m'manja. Atafika pamene khonde limaonekera, anaima. Anasiya manja a ana. Anayenda okha mpaka pa nsanamira yoyamba, naigwira ndi chikhato chonse, natsinzina. Chala chija chinayenda pa dothi, osapeza kanthu. ANaphiri, amene anali ataima pafupi kudikira kuyamikiridwa, anayamba kubwerera m'mbuyo.

"Wachita izi ndani?"

"Ndife," anatero amayi. "Mwati tisiye nyumba ya Mulungu ili maliseche?"

"Alamu, zaka zonse zija."

"Zaka zonse zija munali ndi pakamwa. Tikafunsa, mudzaona, mudzaona. Taonatu."

"Munayamba ndi tchizulo yanga."

"Dzungu lija linali lokoma."

Wina anaseka kumbuyo, nadzigwira. Nkhope ya atate aang'ono inali itachita mdima, ndipo ine ndinati lero munthu wofatsayu amenya mkazi pakhomo pa tchalitchi. Anayang'ana amayi nthawi yaitali. Amayi anawayang'ananso, osaphethira. Sindikudziwa chimene chinadutsa pakati pawo. Ndinangoona phewa la atate aang'ono likutsika pang'onopang'ono.

Pamenepo abusa anafika pa njinga, atsibweni akuthamanga pambali pawo. Njira yonse atsibweni anali akuwatamira nsanamira zonga za Solomo. Abusa anatsika, nachotsa zomangira thalauzi, nayang'ana zipilala zakuda zija, nayang'ana atsibweni.

"Akulu a mpingo, zosema zija zili kuti?"

"Zili m'kati, abusa," anatero atsibweni, mawu atauma.

Atamva zonse abusa anaseka mpaka kupukuta misozi, natonthoza aNaphiri amene anali atayamba kulira. Kenako anatembenukira kwa atate aang'ono n'kufunsa ngati zingakonzeke.

"Zingakonzeke, abusa. Koma dothi lalowa lili lonyowa. Madzi apita m'mtengo. Tikangopala pamwamba, idzaola m'kati, denga n'kudzagwera anthu. Pafunika kuchirikiza denga, kuzula imodzi, kuipala, kuiumika, kukumbanso ngalande iliyonse, kuibwezera, kenako inzake."

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Mtengo ndiwo udziwa, abusa."

Ine ndinali nditatsamira nsanamira ya kumapeto chifukwa cha msana. Ndinakanda ndi chikhadabo kuseri kwake. Dothi linagwa lokha, ndipo phula linali mbee pansi pake, mtengo wouma gwa. Ntchito ya mlungu umodzi kwa ana a sukulu ndi timitengo. Ndinabisa chala m'chitenje.

Abusa ananena pamaso pa mpingo wonse kuti mmisiri asasokonezedwe mpaka nyumba ya Mulungu ibwerere mwakale, ndipo anapempha mkulu wa mpingo kuti ayang'anire zimenezo. Atsibweni anavomera. Ndikhulupirira kuti nawonso anadziwa, poti sanali wopusa. Madzulo ake ndinawamva akuuza amayi kuti, "Mlongo wanga, iwe ukanakhala mwamuna bwenzi tonse tilibe minda." Amayi anati sakudziwa chimene akunena. Lolemba bokosi lija linamasulidwa.

Atate aang'ono anakhala pamudzi pano mpaka imfa yawo. Rute anakwatiwa iwo alipo, Yohane anafika poyamba kumera ndevu. Nzimbe za m'dimba ankadya ndi ana awo, ndipo atsibweni ankalandira mtolo wawo chaka chilichonse, akuseka. Nkhani yosudzula sinatchulidwenso, koma sinafafanizidwenso, n'chifukwa chake nsanamira yachinayi siinathe. Zitatu zinabwerera mwakale. Yachinayi anaipala mbali yoyang'ana kumsewu, mbali ya kukhoma n'kuisiya ndi mtsiro wake. Mlendo akafunsa ankati akubwera, akudikira phula. Ndi amayi anapitiriza kukangana za zosemasema, za mbuzi, za kameteledwe ka Yohane. Sindinamvepo mmodzi akuthokoza mnzake.

Anamwalira mvula yoyamba itagwa, atangodwala masiku ochepa. Ali gone pa bedi lija anauza amayi ndi atsibweni, ine ndili pakhomo, kuti akufuna akagone pafupi ndi aElina. Atsibweni anavomera, ndipo apa ndiwachitire chilungamo, anavomera ndi mtima wonse. Adzukulu okumba manda anali atalemba kale malo. Koma uthenga utafika ku Pembamoyo, abale awo anabwera ndi ngolo ya ng'ombe. Anati mwamusunga mokwanira, anali wobwereka, mafupa ndi athu. Anati amayi ake ndi alongo ake agona kwathu, iye akagona kuno adzamusesera ndani. Amayi anaima kutsogolo kwa ng'ombe. Anawauza kuti zaka zonsezi palibe mmodzi wa inu anabwera ndi nkhuku kudzamuona. Anawauza zambiri zimene sindingalembe. Koma mwambo unali kumbali ya alendowo, ndipo panalibe mbusa, panalibe dothi loti n'kumata. Akuluakulu anawagwira amayi mikono n'kuwachotsa panjira. Ngolo inapita.

Tchalitchi chija anachigwetsa kalekale, namanga chachikulu cha malata, khonde lake likuimira pa mapaipi. Nsanamira zinasowa tsiku lomwelo. Ndikudziwa nyumba imene munalowa imodzi mwa izo, ndipo mwini wake amandipatsa moni Lamulungu lililonse.

Kumanda ndiko kwatsala chizindikiro, ngati n'chizindikiro. Amayi analetsa adzukulu kukumba pamene analemba paja. Iwo eni ali pafupi kufa, tinawafunsa ngati tidzawaike pafupi ndi mng'ono wawo, ndipo anati mbali inayo, apo mpa eni ake. Chiyambire taika anthu ambiri, mitumbira yapanikizana mpaka kufika kumiyala, ndipo achinyamata okumba amadandaula kuti malo atha. Koma kudzanja lamanja la aElina kudakali kampata kotalika ngati munthu wogona, kopanda mtumbira, kopanda mtanda. Pamamera udzu wofewa, masamba a msuku amagwerapo. Maliro aliwonse ndimapita msanga, n'kukaima pamenepo ndi ndodo yanga mpaka makasu atayamba kugwa kwina.